Max Martin: tchuni patsogolo, mawu pambuyo

Anzanga olemba, sabata ino ndabwera ndi munthu amene ambiri simunamuonepo nkhope, koma nyimbo zake munaziimbapo mukuchapa kapena muli mu minibasi. Dzina lake lenileni ndi Karl Martin Sandberg, wa ku Sweden, wobadwa mu 1971. Dziko limamudziwa kuti Max Martin. Mukakumbukira "I Want It That Way" ya Backstreet Boys, "That's the Way It Is" ya Celine Dion kapena "It's My Life" ya Bon Jovi, dziwani kuti dzanja lake lilimo. Kumsika kwathu tinganene kuti iyeyu ndi wa holoselo. Oimbawo amakaoda kwa iye n'kudzayala pa benchi.

Anayamba ngati woimba m'gulu la rock lotchedwa It's Alive, koma silinapite patali. Anamutola ndi Denniz Pop wa situdiyo ya Cheiron ku Stockholm, yemwenso anamupatsa dzina limene akudziwika naloli. Denniz anamwalira mu 1998, ndipo chaka chomwecho inatuluka nyimbo yoyamba ya Britney Spears, yolemba Martin, imene gulu la TLC linali litaikana. Kuchokera apo nyimbo zake zoposa 25 zafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100 ku America, ndipo mu 2016 analandira Polar Music Prize.

Koma nkhani yanga si mphoto. Ndi kalembedwe kake. Mkuluyu amayamba ndi tchuni, mawu amabwera pambuyo, ndipo amawadula ngati telala, kuti maphatikizo a mzere uwu afanane ndi a mnzake. Liwu likhale lanzeru bwanji, ngati silikukhala bwino pakamwa, amalitaya.

Tayesani kuwerenga papepala mawu a nyimbo ya Backstreet Boys ija, imene analemba ndi Andreas Carlsson. Mnyamata akudandaula ndithu, koma chimene akufuna sichikudziwika. Mzere wina ukutsutsa unzake. Anthu a kampani anachiona chimenechi, mpaka panajambulidwa ina ya mawu okonzedwa bwino. Mapeto ake? Anabwerera ku yosokonekera yomwe ija, poti ndiyo inkakoma m'khutu.

Ndikudziwa ena mwakwiya kale, mukuti ameneyu si mlembi, ndi wamalonda chabe. Dikirani kaye. Kuwerengera maphatikizo ndi luso limene ambirife m'gulu muno timalinyozera. Timaponya ndakatulo zodzaza nzeru, koma uziwerenge mokweza, lilime limapunthwa pa mzere wachitatu. Martin sangalole zimenezo. Amamvetsera mawu asanawakhulupirire.

Komabe sindingamukweze mpaka kumwamba, ayi. Nyimbo zake zambiri zili ngati mandasi ochuluka yisiti: aakulu, ofewa, onunkhira, koma ukawang'amba m'kati muli mphepo. Ndimakukonda, wandisiya, bwerera, basi. Simupezamo mudzi, dzina la munthu, ngakhale fungo la nyumba imene chikondicho chinathera. Zinapangidwa kuti zigulike ku Tokyo ndi ku Lagos mofanana, ndiye zilibe kwawo.

Kwa ine amafikapo akakumana ndi munthu wobwera ndi nkhani yakeyake. Mverani "Blank Space" ya 2014, imene analemba ndi Taylor Swift komanso Shellback. Manyuzipepala ankamunena Swift kuti amasintha zibwenzi ngati malaya, iye n'kuvala mbiri yomweyo mwadala, kumaseka omunenawo. Pamenepo tchuni ya Martin inapeza katundu woti isenze, ndipo nyimboyo ukaichotsa zing'wenyeng'wenye, papepala pamatsalabe mkazi wamoyo, wolusa, woseketsa.