Luso la Thabwa m'Misewu ya Cebu

Pamene Margielyn Didal, mwana wa mmisiri wa matabwa wa mumzinda wa Cebu, amene mayi ake ankagulitsa zakudya m'mbali mwa msewu, anapata mendulo ya golide ya skateboard pa masewero a Asian Games ku Palembang m'chaka cha 2018, dziko lonse la Philippines linamuimbira nthungululu. Komatu pakati pa okondwawo panali ena amene dzulo lomwelo ankayesa achinyamata oyenda pa skateboard anthu osokoneza, oyenera kupirikitsidwa ndi apolisi ndi alonda, monga anapirikitsidwira iye mwini. Mwala umene omanga nyumba anaukana unasanduka wa pangodya, ndipo n'koyenera kuti tiufufuze bwino.

Chida chake n'chochepa: thabwa la zigawo 7 za mtengo wa maple zomatidwa pamodzi, pepala lokhakhala pamwamba, timatayala tinayi pansi. Palibe chingwe chomangira mapazi, ndipo luso lonse lagona pamenepo. Kuti thabwa liuluke naye, kumene osewera amati ollie, mnyamata amamenya mchira wa thabwa pansi ndi phazi lakumbuyo, ndipo mutu wake ukadzuka amakhwekhwereza mbali ya phazi lakutsogolo pa pepala lija mpaka thabwa litalingana m'malere. Akafuna kickflip, amalitosa ndi nsonga ya nsapato kuti ligubuduke kamodzi, naligwiranso ndi mapazi lisanafike pansi. Muyang'ane nsapato yake: yabooka mbali imodzi yokha, pafupi ndi kachala kakang'ono, ndipo bowolo ndilo mboni ya miyezi imene wakhala akugwa ndi kudzuka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ndimachitamanda mwa ana a ku Cebu ndi ku Manila ndi diso lawo lowerenga nthaka. Amene anakulira pa bwalo losalala amadziwa thabwa lokha. Koma amene anaphunzirira pa simenti yong'ambika, pa masitepe a nyumba za eni, ndi pa mabwalo a basketball pamene osewera mpira apuma, m'dziko la dzuwa lotentha ndi mvula yamkuntho, amadziwanso pamene kamwala kangaimitse tayala, pamene payenera kupakidwa phula la kandulo kuti thabwa litsetsereke, ndi liwiro limene lingamuolotse pa mng'alu. Mayendedwe otere sagulidwa, ndipo amaoneka ngakhale m'mene munthu apindira mawondo potera.

Sukulu yawo ndi anzawo. Wamkulu amasiyira wamng'ono thabwa lakutha, wina amagwira foni kujambula, ndipo mmodzi akatera bwino atalephera madzulo onse, onse amagogoda pansi ndi matabwa awo. Pali masewero amene amati game of skate, momwe wina amachita luso lake ndipo mnzake ayenera kulibwereza, akalephera nalandira chilembo, kufikira zilembo zisanu zitakwana. Ngakhale uli mpikisano, wopambana amakhala ataonetsa mnzakeyo chimene ayenera kukaphunzira. Didal anapata golide pa masewero amenewa ku Tagaytay mu 2019, pa SEA Games, kuwonjezera pa golide wina wa luso la mumsewu. Ku Olimpiki ya ku Tokyo, imene inachitika mu 2021, anathera pa nambala 7. Koma anthu anamukumbukira chifukwa atagwa anadzuka akumwetulira ataimika chala chachikulu, ndiponso chifukwa ankasangalalira Rayssa Leal wa ku Brazil, mtsikana wa zaka 13 amene ankalimbana naye. Oweruza alibe malikisi a zimenezi, ngakhale kuti ndiwo mwambo umene unamulera.

Atapambana, Didal anapempha akuluakulu kuti amange mabwalo a skateboard, ndipo pempho lakelo ndi lolungama, pakuti mwana sayenera kuphunzira akuthawa magalimoto. Nkhawa yanga ili pa kamangidwe. Bwalo lomangidwa ndi munthu amene sanapondepo thabwa limatuluka ndi zitunda zotsetsereka mopitirira, zitsulo zoikidwa popanda malo othamangira, ndi simenti imene imasunga madzi mvula ikakata; ndipo ana akaliyesa sabata imodzi amabwerera ku masitepe aja. Mabwana a mizinda, asanathire simenti, aitane anyamata ndi atsikana a nsapato zobooka adzayeze nawo.