ZA WOKUMBA CHITSIME NDI OTUNGA MADZI

Ambiri a ife kuno ku Lirangwe tiyenda ndi foni m'thumba, koma ochepa adziwa kuti m'kati mwa foni za Android muli nchito imene eni ake anaipereka kwa anthu onse. Dzina lake ndi Linux, ndipo anaiyamba mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, chaka cha 1991. Momwemonso chiwerengero cha odwala chimene zipatala zathu zitumiza ku boma mwezi ndi mwezi chilembedwa mu DHIS2, pulogalamu ya kompyuta yochokera ku sukulu yaikulu ya ku Oslo, imene munthu ali yense akhoza kuitenga. Zotere azitcha mapulogalamu a ufulu. Tsono popeza timwa madzi a chitsime chimenechi, kuyenera kuti tidziwe amene achisunga, ndi mlandu umene unabuka pakati pao.

Wokumba chitsime ndiye Richard Stallman wa ku America. Chaka cha 1983 analalikira nchito yotchedwa GNU, ndipo mu 1985 anakhazika bungwe la Free Software Foundation ku Boston. Chiphunzitso chake ndi ichi: pulogalamu ndiyo malangizo olembedwa amene makina awatsata, ndipo wogwiritsa nchito makinawo akhale nao ufulu unai, wakuigwiritsa monga afuna, wakuwerenga malangizowo ndi kuwasintha, wakugawira mnzake, ndi wakugawanso chimene wasinthacho. Mu 1989 analemba pangano lotchedwa GPL, lakuti wolandira ufuluwu asautsekere ena pogawa. Pa izi munthuyo ayenera ulemu, ndipo ine sindimchepsa.

Koma mu September 2019 iye analemba mau oikira kumbuyo mnzake womwalira, Marvin Minsky, amene dzina lake linatchulidwa pa nkhani ya Jeffrey Epstein, wochimwira atsikana. Ambiri anaona kuti mauwo apeputsa tsoka la mtsikana. Akazi ena nayamba kunena za makhalidwe ake akale amene anawasautsa. Pa 16 September iye anatula pansi upulezidenti wa bungwelo. Patapita chaka ndi theka, mu March 2021, anaima pa msonkhano wa bungwe lomwelo nanena yekha kuti wabwerera m'bwalo la akuluakulu ake. Mamembala wamba sanafunsidwe. Anthu oposa 3,000 anasaina kalata yakuti iye achoke pamodzi ndi bwalo lonse, enanso zikwi anasaina kalata ina yomteteza. Kampani ya Red Hat inaleka kupereka ndalama, ndipo woyang'anira nchito za bungwe, John Sullivan, anatula udindo.

Sindifuna kuweruza mtima wa Stallman. Mlandu wanga uli ndi bwalo limene linambweza m'seri, ndi zifukwa ziwiri zimene omteteza azinena.

Choyamba ati, Iye ndiye anakumba. Popanda iye sitikadamwa. Mau awa ndinawamva kale pa mudzi wina kumene ndinaphunzitsa. Kunali mkulu amene anayenda maulendo ambiri kufikira mjigo unakumbidwa, ndipo anthu pothokoza anamuika wapampando ndi msungichuma yemwe. Zaka zinapita, amai nasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, koma buku palibe analiona. Tsiku limene mipira ya mjigo inatha, mai wina anafunsa za thumba, ndipo anamyankha kuti, Kodi unali kuti ife pokumba? Amai anabwerera ku mtsinje miyezi itatu. Mkuluyo kapena sanabe konse. Chimene chinapha mjigo ndi ichi, kuti panalibe tsiku loikika lakumfunsa, ndi munthu wololedwa kufunsa. Kuthokoza ndi mangawa enieni, koma sawabweza ndi kutseka pakamwa.

Chachiwiri ndicho chanzeru koposa. Ati, Pa nchito ya ufulu mtsogoleri sangathe kumanga munthu. Wosakondwa atenge malangizo onse, akayambe zake. Nzoona kuti izi zichitika. Mu 2010 anthu osakondwa ndi eni atsopano a pulogalamu ya OpenOffice anapatuka nayamba LibreOffice, ndipo ambiri anawatsata. Ifenso tidziwa kuti banja likayambana ndi mfumu likhoza kusamuka kukamanga mudzi wina. Koma wosamuka sanyamula manda, kapena dimba, kapena dzina la mudzi. Chomwecho pano: Free Software Foundation yokha ndiyo ili ndi mphamvu yakutulutsa GPL yatsopano, monga inachita mu 1991 ndi mu 2007, ndipo mapulogalamu ambiri analembedwa kuti akhoza kutsata pangano ili kapena lina lotuluka pambuyo. Olemba ambiri a GNU anaperekanso umwini wa zolemba zao m'manja mwa bungwelo kuti liziwasungira. Taonani tsono, anthu owerengeka okhala m'bwalo, osankhana okhaokha, agwira mfungulo ya nkhokwe imene zikwi za anthu anathiramo chimanga. Kuuza wothira chimanga kuti, Ngati sukondwa choka, sikuyankha funso lake.

Chodabwitsa nchakuti anthu awa aphunzitsa dziko lonse kuti malangizo a makina asabisike, kuti ali yense aone cholakwa nachikonze. Koma malangizo oyendetsera bungwe lao anawasunga m'chipinda. Ufulu umene anaufunira makina anaumana anthu.

Njira ina inalipo, ndipo anzao anaiyenda. Guido van Rossum, amene anayamba pulogalamu ya Python, anatula utsogoleri wake mu July 2018, ndipo kuyambira 2019 nchitoyo iyendetsedwa ndi anthu asanu osankhidwa ndi anzao. A gulu la Debian asankha mtsogoleri chaka ndi chaka. Torvalds yemwe, mu September 2018, anapepesa poyera chifukwa cha mau ake aukali, napuma pa nchito monga mwezi umodzi. Palibe imodzi ya nchito izi inafa. Ngakhale Free Software Foundation, mkuntho utawomba, inapatsa anchito ake mpando umodzi m'bwalo, nilemba malamulo a khalidwe la akuluakulu, nitsegulira mamembala njira yakutchula maina a ofuna kulowamo. Izi nzabwino, chisoni nchakuti anazichita denga litadontha kale.

Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mtsogoleri wofuna kuti nchito yake ikhale iye atapita, aike yekha tsiku lakufunsidwa pamene anthu akali kumkonda. Ndipo inu owerenga, amene muli m'komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya banki m'khonde, funsani zinthu zitatu msonkhano ukudzawo: anasankha wapampando ndani, nthawi yake itha liti, ndipo buku liwerengedwa pamaso pa yani. Ngati wofunsa adzudzulidwa kuti alibe ulemu, dziwani kuti mipira ya mjigo wanu yayamba kale kutha.