Kodi Papa Adachiweruza Bwino Chibuda?

M'chaka cha 1994 Papa John Paul II adatulutsa buku lotchedwa Crossing the Threshold of Hope, momwe adayankha mafunso a mtolankhani Vittorio Messori. Mutu umodzi waufupi ukukamba za Buddha. M'menemo Papa akufotokoza kuti chipulumutso cha Chibuda ndiko kudzimasula ku dziko lapansi, limene limaonedwa ngati gwero la masautso, ndiponso kuti chiphunzitsochi, pa mbali yaikulu, sichidziwa Mulungu. Mau amenewa adapweteka mitima ku Sri Lanka, kotero kuti Papa atafika ku Colombo mu January 1995, atsogoleri a Chibuda adakana kufika pa msonkhano wake ndi azipembedzo.

Pa mfundo yaikulu Papa sadaphonye ai. Chibuda cha Theravada, chimene amatsata ku Sri Lanka, sichivomereza Mlengi. Chimaphunzitsa anatta, ndiye kuti mwa munthu mulibe mzimu wokhalitsa. Buddha amangoloza njira, koma woyendamo ndi munthu mwini wake. Ife tikhulupirira kuti Mulungu amadziwa aliyense ndi dzina lake, kuti chaulere chake chimayamba ife tisanachite kanthu, ndi kuti thupi lidzauka. Kubisa kusiyana kotereku pofuna mtendere kungakhale kunyoza zipembedzo zonse ziwiri.

Komabe mutuwu ukutsimphina pawiri. Poyamba, ukuona nirvana ngati kusalabadira za dziko, osapereka malo oyenera kwa karuna, chifundo kwa zamoyo zonse. Chimene Buddha akuti chizimitsidwe si dziko, koma moto wa umbombo, wa chidani ndi wa umbuli. Kachiwiri, ukulankhula ngati Chibuda nchimodzi. Ku Japan, Shinran (1173-1263) adaphunzitsa kuti munthu sangathe kudzipulumutsa yekha, koma adalire lonjezo la Amida Buddha. Amida si Mlengi, ndipo sadapachikidwe pa mtanda, koma pamenepa mpovuta kunena kuti Abuda onse amadalira mphamvu zao zokha.

Chikalata cha Nostra Aetate cha 1965 chidalankhula mosamala koposa, pozindikira kuti Abuda ena amafunafuna ufulu ndi khama lao, ena ndi thandizo lochokera kumwamba. Ife amene tiphunzitsa ndi kulalika titsate kusamala kumeneku: tisanatsutse chikhulupiriro cha mnzathu, tichifotokoze mwa njira yoti mwini wake avomere kuti nchakedi. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, limateteza Mbudanso.