MTIMA SUVALA NSANZA: MAGANIZO PA KANEMA WA "THE BEST EXOTIC MARIGOLD HOTEL"

Usiku umene tidaonera kanemayu, anzanga ambiri adaseka mpaka kugwira nthiti. Nanenso ndidaseka. Koma potuluka ndidadzifunsa kuti kodi timaseka chiyani makamaka: luso la wolemba, kapena kungoti anthu a imvi akufunsirana? Kuseka kuwiriku nkosiyana, ndipo ndikufuna kuyeza kanemayu pa muyeso umenewo.

Kanemayu adatuluka mu 2011. Adamuwongolera ndi John Madden, ndipo Ol Parker adamulemba potengera buku la Deborah Moggach la 2004 lotchedwa These Foolish Things. Angerezi okalamba 7 akunyamuka kupita ku Jaipur, m'dziko la India, atanyengedwa ndi zithunzi za hotela yokongola ndi yotsika mtengo. Pofika akupeza chinyumba chogumuka, choyendetsedwa ndi mnyamata wa pakamwa potsekemera, Sonny, yemwe ndi Dev Patel.

Pali nthabwala zina zotchipa. Norman, nkhalamba yosakasaka akazi, adamuikamo kuti tizimuseka basi, monga timasekera mkulu woledzera pa ukwati. Apa wolemba sadatuluke thukuta.

Luso lenileni lili pa Evelyn ndi Douglas. Evelyn, yemwe akuseweredwa ndi Judi Dench, wobadwa mu 1934, ndi wamasiye amene wagulitsa nyumba kuti abweze ngongole zomwe mwamuna wake adamubisira. Douglas, yemwe ndi Bill Nighy, ndi bambo wofatsa, womangika mu ukwati umene udazilala kale. Awiriwa sauzana mawu akuluakulu a chikondi ai. Amangoyenda limodzi m'misika, kufunsana za tsiku, kuchita manyazi ngati ana a sukulu. Mkazi wa Douglas, Jean, naye sadamusandutse chilombo. Pa njira ya ku bwalo la ndege, magalimoto atathithikana, ndiye amene akulimba mtima kunena kuti banja latha, nakwera njinga yonyamula anthu yekha ndi katundu wake. Pamenepa sitikuseka nkhalamba, tikuseka nazo pamodzi, mwinanso misozi ili m'maso. Kanemayu akuvomereza zomwe akuluakulu adanena kale, kuti mtima suvala nsanza.

Komatu pali chilema. India wa m'kanemayu ndi mankhwala chabe ochizira mitima ya azungu. Anokhi, mtsikana wosesa wa mtundu wonyozedwa, alipo kuti Muriel aphunzire kuleka tsankho. Za mumtima mwake sitimva. Chachiwiri, nkhalambazi zimadzitcha zosauka, koma zili ndi chiphaso choyendera ndi ndalama ya ndege. Evelyn akusankha yekha chifukwa palibe mlamu, mwana kapena mfumu yomwe ili ndi mawu pa moyo wake. Kanemayu akutenga ufulu umenewu ngati mpweya umene aliyense amangopuma.

Kwathu kwa Mbenje, m'boma la Nsanje, si choncho. Pakati pa Asena mkazi amalowoledwa, nakakhala kwa mwamuna. Mwamunayo akamwalira, nkhani ya wamasiye imakambidwa ndi achibale: kale panali kulowa kufa ndi chokolo, ndipo ngakhale malamulo monga la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi adaletsa miyambo yovulaza, maganizo akuti wamasiye ndi wa mtundu umene udapereka ng'ombe sadafe. Nkhalamba yokhala payokha imaopanso china choposa miseche. Mu Januwale 2016 anthu okalamba 4 adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti.

Ndili ndi umboni wa kunyumba. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 atachepa, agogo anga ena aakazi, amasiye, adayamba kulandira mlendo madzulo alionse. Anali mkulu wina wofedwanso, yemwe ankabwera ati kudzapempha fodya wa m'mphuno, chikhalirecho m'manja ali ndi makakana awiri a ku dambo. Fodyayo anali naye m'thumba, tonse tinkadziwa. Agogo adayamba kusamba kawiri pa tsiku ndi kuvala duku la ku tchalitchi pakati pa sabata. Ife adzukulu tinkafa nazo kuseka. Koma ana awo aamuna adaitanitsa msonkhano, ndipo pa msonkhanopo mawu oti chikondi sadatchulidwe nkamodzi komwe. Idakambidwa ndi nkhani ya dimba: kodi mkuluyo akalowa m'nyumba, dimba likhala la yani? Makakana adasiya kubwera. Duku lidabwerera m'sutikesi.

Nkhani imeneyi ili ndi nthabwala zoposa za Norman, ndipo ili ndi choopsa chimene Evelyn sadakumane nacho. Nanga bwanji sitidailembe? M'masewero athu nkhalamba ndi ankhoswe, ndi asing'anga, ndi afiti, kapena ndi chidyamakanda chofuna kamtsikana. Ngakhale Shemu Joyah, mu The Last Fishing Boat ya 2012, adapatsa msodzi wake Yusufu mkazi wachitatu wachitsikana. Nkhalamba ziwiri zofunana zokha, pa msinkhu umodzi, timazisowa.

Tsono chiweruzo changa ndi ichi: kanemayu ngwoyenera kumuona, makamaka chifukwa cha Dench ndi Nighy, koma tisamutenge ngati kalilole wathu. Iye akutha ndi Evelyn atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya Douglas m'misewu ya Jaipur, popanda wowafunsa. Wolemba wa pakati pathu amene adzakweze agogo awiri pa kabaza mmodzi kuchoka pa Bangula, ayambe wayankha funso la dimba. Akadzaliyankha bwino, tidzaseka kuseka kwa ulemu.