Kodi Chilombo cha m'Buku la Yobu ndi Mvuu?

M'buku la Yobu, mutu 40, ndime 15 mpaka 24, muli ndakatulo yofotokoza chilombo chimene Ahebri anachitcha Behemoti. Liwuli ndi lochulukitsa la "behema", kutanthauza nyama kapena chiweto, koma mlakatuli walipereka kwa nyama imodzi yokha, monga momwe ife timanenera kuti "abwera" pamene wabwera ndi munthu mmodzi wolemekezeka. Motero dzinali silitiuza mtundu wa nyamayo. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 motsogoleredwa ndi William Murray, analemba kuti mvuu, ndipo Leviyatani wa m'mutu wotsatirawo anamutcha ng'ona. Maganizo otere anawafalitsa ndi Samuel Bochart, katswiri wa ku France, m'chaka cha 1663. Kale asanabadwe Bochart, Thomas Aquinas ankati nyamayo ndi njovu.

Omasulirawo sanangolota. Chilombochi chimadya udzu, chimagona pamthunzi pakati pa bango ndi matope, ndipo mtsinje ukasefukira sichitekeseka. Amene anafikako ku Liwonde ndi kuona mvuu zili ndwii mu Shire angavomereze msanga. Vuto lili pa mchira, umene mlakatuli akuufanizira ndi mkungudza. Mwana wa kwa Nazombe, amene wakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amadziwa kuti mkungudza ndi mtengo wautali ndi wolimba, ngakhale ocheka matabwa atsala pang'ono kuutheratu. Ndi zoona kuti wa ku Lebanon ndi mtundu wina, koma nawonso ndi chimtengo. Nanga kamchira ka mvuu, kamene ntchito yake yodziwika ndi kumwaza ndowe, kafanana bwanji ndi mtengo wotere?

Chifukwa cha mchirawu ena masiku ano amati Behemoti anali dinosaur, chimodzi mwa zilombo zakalekale zija za khosi ndi mchira wautali, monga Malawisaurus amene mafupa ake anafukulidwa ku Karonga. Maganizowa amakometsa ulaliki, koma ndi opanda miyendo, pakuti zilombozo zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu asanaponde padziko. Akatswiri ena amati liwu loti mchira pano ndi chining'a chobisa ziwalo zachimuna, poti mawu otsatira akukamba za mitsempha ya m'ntchafu. Izi n'zomveka ndithu, popeza ndime zoyambazo zikutama mphamvu ya m'chiuno.

Ine ndikuona kuti onsewa akuwerenga ndakatulo ngati buku la sayansi. Mlakatuli akanena kuti mafupa a nyamayo ndi amkuwa ndi achitsulo, palibe amapita kukafuna nyama yachitsulo. Tonse timadziwa kuti ndi voko, kukokomeza kwa alakatuli. N'chifukwa chiyani mchira wokha tiuyese ndi chingwe? Wolembayu anatenga mvuu imene anthu ankaidziwa, naikuza mpaka inaposa mvuu iliyonse. Umboni wake uli pa ndime yomaliza, imene ikufunsa ngati alipo angaigwire kapena kuiboola mphuno. Mvuu yeniyeni anthu ankaigonjetsa. Zithunzi za ku Iguputo zimaonetsa mafumu akuilasa, ndipo alenje a ku Zambezi ankaipha ndi mikondo ali m'mabwato. Funso lija lili ndi mphamvu pokhapokha nyamayo ikhale yosagwirika.

Tiyenera kukumbukiranso amene akuuzidwa mawuwa. Yobu wataya chuma chonse, ndipo ana ake khumi afera m'nyumba imene mphepo yaikulu inagwetsa. Anzake atatu akumuumiriza kuti avomere tchimo, pakuti kwa iwo tsoka siligwera wosalakwa. Iye akukana, ndipo akufuna bwalo loti azengane ndi Mulungu. Mulungu atayankha m'kamvuluvulu sakutchula mlanduwo n'komwe. Akumuonetsa nyama, namuuza kuti anailenga monga analengera iye. Apa ndi pamene pagona luso la ndakatuloyi. Yobu ndi chilombo ndi ana a nyumba imodzi, koma chilombocho sichimulimira, sichimuopa, sichidziwa n'komwe kuti iye akulira. Yobu akuphunzira kuti dziko lili ndi mbali zimene sizinapangidwe poganizira munthu, ndipo kuti tsoka lake silikutanthauza kuti anzake aja ananena zoona.

Ife a ku Phalombe tili ndi khomo lathu lolowera m'ndakatuloyi. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsegulanso bala lomwelo. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri. Akatswiri amafotokoza bwino za mvula yochuluka ndi nthaka yolefuka pamalo otsetsereka, ndipo sanama. Komabe mayi amene wataya ana safunsa za nthaka. Amafunsa chifukwa chake madziwo anasankha nyumba yake n'kusiya ya mnansi. Dzina la Napolo limapatsa thupi mphamvu imene ilibe nkhope, ndipo n'chifukwa chake Steve Chimombo analigwiritsa ntchito kwambiri m'ndakatulo zake. Behemoti akugwira ntchito yofananayo.

Koma tisawaphatikize awiriwa mopupuluma. Napolo timamudziwa poyenda ndi pogumula. Behemoti m'ndime khumi zonsezo sapha kanthu: akudya, akugona, ndipo nyama zakuthengo zikusewera kumapiri kumene amapezako chakudya. Kuopsa kwake kuli m'bata lakelo. Owerenga wofedwa angathe kunena kuti yankho lotere ndi louma, ndipo sindingamutsutse, chifukwa kuonetsa munthu wolira kukongola kwa chilombo si chipepeso chimene timachidziwa pasiwa. Bukulo lenileni likuoneka kuti likuzindikira zimenezi, pakuti m'mutu 42 amene akudzudzulidwa ndi anzake aja, amene anali ndi yankho pa chilichonse, osati Yobu amene anafunsa.

Tsono liwu loti mvuu m'Buku Lopatulika linatithandiza kuona matope ndi bango, koma linachepsa nyamayo kufikira msinkhu woti mlenje wamfuti angaiphe pamene yaononga mpunga kudimba.