Othamanga a ku London ndi Opunduka Amene Awathamangira

Ku London, mzinda waukuru wa ku England, kuli mpikisano wa liwiro umene anauyamba Chris Brasher ndi John Disley m'caka ca 1981. Mtunda wace ndiwo mamailosi 26 ndi kanthu pang'ono, ulendo umene munthu woyenda pansi akauyamba mbanda kuca afika dzuwa litapendeka. Ambiri a othamangawo sayembekeza mphotho ai. Athamangira mabungwe othandiza odwala ndi opunduka, ndipo pofika caka ca 2019 ndalama zosonkhedwa motero zinapitirira mapaundi 1,000,000,000. Macitidwe ace ndi otere: bungwe ligula malo mu mpikisanowo, nilipatsa malowo munthu amene alonjeza kulisonkhera ndalama kwa abale ndi anansi ace, kawirikawiri ngati mapaundi 2,000.

Mwa iwo muli ena amene ayamba ali onenepa kopitirira. Kwathu kuno tiyesa mimba cizindikiro ca kupata bwino, koma asing'anga a cipatala anena zoona kuti mafuta ocuruka atopetsa mtima ndi maondo, naitana nthenda ya shuga. Tsono munthu wotere aleka mowa ndi zonona, nalawirira m'mseu miyezi yonse ya cisanu, kufikira aboola mabowo atsopano pa lamba wace. Kupirira kumeneku sindikunyoza konse.

Koma ndiri nao mau pa kanenedwe ka nkhanizi m'manyuzipepala a kumeneko. Kawirikawiri aika zithunzi ziwiri, cina ca munthu uja akali wonenepa, cina atacepa thupi. Atiuza zimene anadya, kulemera kumene anataya, matuza a kuphazi kwace, ndi misozi ya mkazi wace pa mapeto a liwiro. Dzina la bungwe lioneka pa mzere wotsiriza, ndipo wopunduka mwini wace, ngati aonekako, angomwetulira pambali osanena kanthu. Tiwerenga nkhani yonse osadziwa cimene iye asowa, kaya ndi njinga, kaya ndi sukulu yopanda makwerero, kaya ndi nchito yakuti adzidyetse yekha. Kuli ngati ukwati umene anthu abwerako akusimba za woomba ng'oma, mkwatibwi osamchula.

Ena adzayankha kuti anthu sapereka ndalama kwa mlendo amene sanamuone, koma apereka kwa mnansi wao amene amuona alikubvutika m'mseu. Ndipo popanda thukuta la wonenepa uja, njinga sizikadagulidwa. Mau amenewa ndiwabvomereza. Sindinenanso kuti alakwa popindula nalo thupi lace, pakuti wolima munda wa mnzace akabwerako ndi mphamvu m'manja palibe amtsutsa. Cimene ndikana ndi ici, kuti nkhani zotere ziphunzitsa owerenga kuyesa wopunduka munthu wongolandira, amene gawo lace ndi kuyamika basi.

Mbiri ya mpikisano womwewo itsutsa ganizo limenelo. Zaka ziwiri zoyamba eni ace sanalole okwera njinga za opunduka kupikisana nao, ndipo anawatsegulira khomo m'caka ca 1983. Atalowa, anaonetsa cimene ali. Tanni Grey-Thompson anapambana kasanu ndi kamodzi, David Weir kasanu ndi katatu. Ndipo amuna aliwiro a pa njingazo atha mtunda wonse m'ora limodzi ndi theka kapena kucepera pang'ono, pamene wothamanga ndi miyendo woposa onse atha ngati maora 2.

Ndikumbukanso Claire Lomas, mkazi amene anafa ziwalo kuyambira m'cifuwa kunka kumunsi atacita ngozi pa kavalo m'caka ca 2007. M'caka ca 2012 anayenda mtunda wonsewo pa ndodo, atabvala makina omangidwa m'miyendo, kusonkhera bungwe lofufuza za kubvulala kwa msana. Anatha masiku 17. Iyeyu sanamthamangire wina; wopempha ndi wopemphedwera anali anthu a bvuto limodzi, ndipo anthu ponena za ulendo wace sanathe kulambalala za msana wobvulala. Eni mpikisano sanampatse mendulo, popeza lamulo lao linati munthu atsirize tsiku lomwelo. Othamanga ena atamva, anatenga mamendulo ao namtumizira.