Fiat G.91 ndi Zomwe Gabrielli Anasiya

Ukachoka ku Chikwawa n'kulowera kumadzulo, ukangodutsa malire uli m'chigawo cha Tete. Kumeneko, pabwalo la Chingodzi, Apwitikizi ankasungako ndege za Fiat G.91 kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, pamene ankamenyana ndi Frelimo. Amene anajambula ndegeyi, Giuseppe Gabrielli wa ku Italy, sankaganizako za chigwa cha Zambezi, ndipo n'chifukwa chake Tete ndi malo abwino oyesera luso lake.

Mu 1953 bungwe la NATO linkafuna kandege kopepuka, kosaboola m'thumba, kowombera adani apansi, kotha kunyamuka pa udzu mabwalo akuluakulu ataphulitsidwa. Gabrielli anapambana mpikisano wopanga kandegeko chifukwa chodziwa zoyenera kusiya. Injini anaika imodzi, ya Bristol Orpheus. Liwiro loposa la mkokomo sanalifune, pakuti wothamanga kwambiri saona chomwe akuwombera. Kulemera komwe anapulumutsa anakupereka ku zitsulo zotchinjiriza woyendetsa, ku miyendo yolimba, ndi ku matayala ofewa osatitimira m'dothi. Ndegeyo inauluka koyamba mu Ogasiti 1956.

Wosema bwato pa Shire amaidziwa nkhaniyi. Akasiya m'mbali mochindikala, bwato limapirira koma limalemera pankhafi. Akasema mopitirira, limathamanga koma silichedwa kung'aluka. Apa Gabrielli anasema bwino, ndipo ndimamutamanda.

Pomwe ndimamutsutsa ndi pa mafuta. Thupi laling'ono silisunga mafuta ambiri. Ku Ulaya zinalibe kanthu, poti mdani ankayembekezeka kukhala pafupi. Mozambique ndi dziko lalitali, ndipo kutentha kwa Tete, komwe ife a kuchigwa timakudziwa bwino mu Okutobala, kumapepukitsa mpweya: injini imafooka, mapiko sagwira msanga, ndege imafuna msewu wautali kuti idzuke. Zikatero kusankha kumachoka pa tebulo la wojambula n'kugwera amakaniko ndi woyendetsa: pansi pa phiko pakhale bomba kapena thanki ya mafuta? Ukanyamula mabomba ambiri sufika kutali. Ukafuna kutali umapita wopepuka.

Mfuti nazo zinali zongogwirizira. Mtundu wa R/4, womwe Portugal inapeza kuchokera ku West Germany, unali ndi mfuti zinayi za mamilimita 12.7, pamene R/3 ya Ajeremani inali ndi mizinga iwiri ya mamilimita 30. Pa akasinja, zinayizo n'zofooka. Koma ku Tete kunalibe akasinja a mdani. Pansi panali tchire, minda ndi midzi ya anthu, ndipo kwa iwo kufooka kumeneko sikunkamveka.

Mu 1973 asilikali a PAIGC, omwe ankamenyana ndi Apwitikizi ku Guinea-Bissau, anayamba kugwetsa ma G.91 ndi mizinga ya Strela yonyamula paphewa, yotsatira kutentha kwa injini. Oyendetsa anayamba kuopa kuulukira m'munsi, komwe ndegeyo inapangidwira kugwira ntchito, ndipo zitsulo zomwe Gabrielli anaika poganizira zipolopolo sizinathe kuteteza injini imodzi ija.